Matenda akagwa usiku, msewu uli matope: tichite chiyani uku tikupemphera?

Mlembi wa gulu:
Moni nonse apagulu lino la mapemphero kuno ku Kasungu. Mvula yayamba, ndipo mauthenga a usiku ayambanso kuchuluka: "tipempherereni, agogo agwa, pakamwa papindika," "mwana wakomoka, njinga yasowa," "atitumiza ku Central koma galimoto yatifera panjira." Timayankha kuti Ambuye alowererepo, ndipo timapempheradi. Koma pagulu pano tili ndi anamwino, alangizi a zaumoyo, madalaivala, amakaniko ndi abusa. Ndikupempha kuti lero tilembe zimene banja liyenera kuchita kuyambira pamene munthu wagwa mpaka kukafika kuchipatala, kuti pakamwa pakamapemphera manja adziwe chogwira. Tiyambe ndi sitiroko.

Namwino:
Zikomo a Mlembi. Sitiroko mungaiyese nokha popanda chida chilichonse. Muuzeni munthuyo aonetse mano, muone ngati mbali imodzi ya pakamwa yagwa. Muuzeni akweze manja onse awiri, muone ngati dzanja limodzi likutsika lokha. Mufunseni dzina la mudzi wake, mumve ngati lilime likulemera kapena akusokoneza mawu. Chimodzi chokha mwa zitatuzi chakwanira kuti munyamuke, musadikire zinazo.

Yang'anani nthawi pafoni muilembe penapake. Kuchipatala funso loyamba ndi lakuti zayamba nthawi yanji. Ngati mwamupeza atadzuka nazo, nenani nthawi imene munamuona komaliza ali bwinobwino.

Chimene chimapweteka anthu ambiri ndi chifundo cha abale. Musamupatse madzi, tiyi, phala kapena piritsi lililonse. Sitiroko imafooketsa minofu yomezera, moti chimene mwamumwetsa chimatha kulowera kumapapo iye osatsokomola n'komwe, ndiye pakapita masiku ochepa chibayo chimayamba. Aspirin nayenso ayi. Sitiroko ili mitundu iwiri: pena mtsempha wa mu ubongo umatsekeka ndi magazi oundana, pena umaphulika. Kunja zimaoneka chimodzimodzi. Aspirin amathandiza pa mtundu woyamba koma pa wachiwiri amaonjezera kukha magazi, ndipo chosiyanitsa ndi makina ojambula m'mutu a CT scan, n'chifukwa chake ena amatumizidwa ku Lilongwe. Mankhwala a BP obwereka kwa aneba musayerekeze. BP ikatsika mwadzidzidzi pa nthawi imeneyi, mbali ya ubongo imene ikuvutika kale imasowerathu magazi.

Mgonekeni cham'mbali, mutu ndi mapewa zikwere pang'ono, kuti malovu ndi masanzi zituluke kunja. Masulani lamba ndi mabatani a pakhosi.

Mayi a Chigwirizano:
A Nesi, zamveka. Koma kumudzi munthu akagwa choncho mawu oyamba kutuluka ndi akuti "amenyedwa hamala." Pomwepo banja limagawikana, amalume akufuna kwa sing'anga, ana akufuna kuchipatala, ena aitana anthu a mapemphero kuti achezere. Pofika pogwirizana kwacha. Komanso pena pakamwa pamawongoka pokha pakangopita kanthawi, anthu n'kumati pemphero layankhidwa, ulendo n'kulephereka. Pamenepo titani?

Mlangizi wa zaumoyo, Chulu:
Mayi, funso lachiwirilo ndi lalikulu. Zizindikiro zikabwera n'kuchoka zokha, tithokoze Mulungu, koma ulendo usalephereke. Kumeneko ndi kutsekeka kwa kanthawi, ndipo sitiroko yaikulu imakonda kutsatira m'masiku oyambirira omwewo. Munthu wapatsidwa mpata woti akayezedwe BP ndi shuga akadali ndi miyendo yake.

Za hamala, usiku umenewo si nthawi yotsutsana ndi amalume. Mukayamba mkangano wa chikhulupiriro mutaya maola. Anene munthu mmodzi amene banja limamumvera: "Tiyeni tikafike kuchipatala kaye, zinazo tikambirana mawa." Ndipo musalole kutema mphini kapena kumumwetsa zitsamba panjira, pa chifukwa chomwe a Nesi anena chija cha kumeza. Opemphera akwere nawo ngolo, apemphere ikuyenda.

Namwino:
Ndionjezepo za a shuga, chifukwa apa pokha lamulo la "musamupatse kanthu" limasintha. Munthu wobaya insulin kapena womwa glibenclamide akadumphitsa chakudya, shuga amatsika kwambiri: thukuta, kunjenjemera, kulankhula zosokonekera, pena mpaka kufooka mbali imodzi ngati sitiroko yeniyeni. Ngati ali maso ndipo akumeza bwino, sungunulani masupuni a tiyi 3 a shuga m'theka la kapu ya madzi amwe. Pakatha mphindi 15 mudzaona kusintha, kenako adye chakudya chenicheni. Ngati wakomoka, musamuthire chilichonse mkamwa. Mgonekeni cham'mbali, mupake shuga pang'ono mkati mwa tsaya ndi chala, n'kunyamuka.

Mlangizi wa zaumoyo, Chulu:
Za ana mwachidule, poti ino ndi nyengo ya malungo. Mwana akamalephera kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, kapena akafooka moti sakudzuka bwino, amenewo si malungo a LA wapakhomo. Akamaphupha musamuike supuni kapena chala mkamwa, musamuthire madzi ozizira. Mgonekeni cham'mbali, mumuvule zovala zolemera, mumupukute ndi kansalu konyowa ndi madzi ofunda. Ngati kiliniki ya m'mudzi ili pafupi dzerani pomwepo, alangizi amatha kuika mankhwala a artesunate kumbuyo kwa mwana kuti apirire ulendo. Koma mankhwala amenewo ndi ongoyambira. Mwana akatsitsimuka panjira musabwerere, akufunikabe jakisoni kuchipatala.

Mukasowa wofunsa, imbani 929, Chipatala Cha Pa Foni. Pa Airtel ndi yaulere. Amapereka malangizo, koma mayendedwe mukonze nokha.

Wa kabaza, Chamama:
Akuluakulu, pa mayendedwe ndilankhuleko ine. Wodwala amene akutha kukhala tsonga timamuika pakati, wina kumbuyo womugwira. Mumangeni ndi chitenje kumsana kwa woyendetsa, chidutse m'khwapa, mfundo ikhale kutsogolo kuti imasulike msanga. Zinthu ziwiri zimavulaza anthu. Choyamba ekizozi: mwendo wakufa sumva kutentha, munthu amafika kuchipatala ndi bala lamoto pakatumba osadziwa. Phazi lake liikeni pachopondera, wakumbuyo aligwirize ndi mwendo wake, ndipo mumuveke nsapato. Chachiwiri nsonga ya chitenje kapena bulangete yolendewera, ikakodwa m'masipoko kapena mutcheni nonse atatu muli pansi.

Wokomoka, amene khosi likugwa, asakwere njinga yamoto. Ameneyo ndi wa ngolo, matiresi pansi, atagona cham'mbali, wina atakhala kumutu. Ngolo ikasowa pangani machira: nsungwi ziwiri zolimba, matumba atatu a chimanga obooledwa m'makona a pansi, nsungwizo n'kuzilowetsamo. Onyamula akhale asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu kuti azilandirana. Mukanyamuka, imbirani galimoto ikakudikireni pamene msewu wabwino wayambira, osati idzatitimire padambo pofuna kufika pakhomo.

Dalaivala wa minibasi:
Achimwene anena zoona za dambo. Ndionjeze za mitsinje. Bua, Rusa ndi Dwangwa aliyense amaiopa, koma imene imatenga anthu ndi timitsinje tating'ono ta m'njira za kumidzi, timene m'chilimwe mumangodumpha. Mvula ikagwa kumtunda madzi amafika mwadzidzidzi ngakhale pamene muli pasanagwe dontho. Madzi othamanga ofika m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu, nanji amene wasenza machira. Galimoto yaing'ono imayamba kuyandama madzi akangofika masentimita 30. Ndiponso usiku simuona ngati kamlatho kadyeka m'mbali.

Zikani kamtengo m'mphepete pamene madzi alekezera, muyang'ane pakatha mphindi 15. Akamatsika dikirani, timitsinje timeneti timaphwa msanga. Akamakwera funani njira yozungulira ngakhale italike. Akuluakulu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Nthawi yodikirayo imbirani anthu a tsidya linalo abweretse njinga kapena galimoto kugombe lawo.

Bambo a ku Santhe:
Pepani ndilowererepo ndi funso limene ena akuopa kufunsa. Zonsezi zokonzekeratu, kusunga ndalama ya matenda, kulongedzeratu chikwama, kodi si kudziitanira tsoka? Ndipo pali alaliki ena amati munthu womwa mankhwala a BP tsiku lililonse wavomereza matenda, sanakhulupirire machiritso. Abusa atithandize.

Abusa:
Bambo, mwachita bwino kufunsa poyera. Werengani Machitidwe 27 yonse modekha. M'ngalawa munali anthu 276, namondwe anawazunza mpaka usiku wa 14. Mngelo anali atamuuza kale Paulo kuti palibe amene adzafe. Lonjezo linalipo, lomveka bwino. Koma amalinyero atafuna kuthawa pa kabwato, Paulo yemweyo anauza mkulu wa asilikali kuti anthu amenewa akachoka, enanu simupulumuka. Kenako anawakakamiza onse kudya kuti apeze mphamvu, anatenga mkate n'kuyamika Mulungu pamaso pawo. Anataya tirigu m'nyanja kuti ngalawa ipepuke. Pomaliza ena anasambira, ena anagwira matabwa. Mulungu anasunga mawu ake kudzera mwa amalinyero odziwa ntchito, chakudya ndi matabwa.

Hezekiya atalonjezedwa zaka zina 15, Yesaya anauzabe anthu kuti aike nkhuyu pachithupsa chake, onani Yesaya 38:21. Nehemiya 4:9 akuti anapemphera n'kuikanso alonda usana ndi usiku. Paulo amamutchula Luka kuti sing'anga wokondedwa. Ndiye amene akuuza munthu wa BP, wa shuga, wa khunyu kapena wa ma ARV kuti ataye mankhwala ngati umboni wa chikhulupiriro akumuuza kuti ayese Mulungu, chinthu chimene Ambuye Yesu anakana pamwamba pa kachisi. Ngati munthu akukhulupirira kuti wachiritsidwa, apite akayezedwe, adokotala ndiwo amuuze zosiya. Yesu mwini ankatumiza akhate ochiritsidwa kuti akadzionetse kwa ansembe.

Namwino:
Zikomo Abusa. BP ilibe ululu, n'chifukwa chake anthu amanyengeka. Munthu amamwa HCTZ kapena amlodipine mwezi umodzi, mutu wasiya, akuti ndachira. Mankhwalawo ndi amene akuigwira, mukasiya imakweranso mwakachetechete. Ikamapezeka 140/90 kapena kuposa pa masiku osiyana, ameneyo ndi wa kukiliniki. Ikafika 180/120 pamodzi ndi mutu waukulu, kusaona bwino, kupweteka pachifuwa kapena kubanika, ndi wa tsiku lomwelo. Kwa mayi woyembekezera musadikire manambala akuluwo: 140/90 ndi mutu, kutupa nkhope kapena kuona zinthu zothwanima, anyamuke. Ndipo amayi akutali akauzidwa kuti apite kuchidikiro, amuna musawakanize chifukwa cha fodya wa m'munda.

Makaniko wa pa boma:
Tsopano mwapatsidwa kalata yopita ku Kamuzu Central. Ngati wodwala ali pa diripi kapena pa okosijeni, dikirani ambulansi, chifukwa mumakhala namwino. Musamutulutse mwa inu nokha chifukwa chotopa kudikira. Koma ngati adokotala avomera kuti mupite pa galimoto yanu kapena ya hayala, tengani mphindi khumi muone izi injini isanalire.

Madzi a mu redieta ndi oilo muone injini ili yozizira. Fanibeluti muidinikize ndi chala, ikhale yolimba, yopanda ming'alu. Sipeya tayala muigwire ndithu, zambiri zimakhala zilibe mpweya. Jeke ndi wilo sipana zikhale za galimoto yomweyo. Mateminolo a batire agwedezeni, akamasewera mangani. Magetsi ndi mawaipa ayeseni. Ikani m'buti chigubu cha malita 5 a madzi, tochi ndi chingwe chokokera.

Mafuta: kuchoka pa boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130. Galimoto yaing'ono yoyenda makilomita 12 pa lita imafuna malita 11 kupita kokha. Kupita ndi kubwera, kuphatikiza kuzungulira m'tauni, werengerani malita 30, ndipo muthire musananyamuke, musadalire kuti mukapeza kutsogolo. Mafuta a m'zigubu ndi amene amafetsa galimoto zambiri panjira, chifukwa ena amasakaniza ndi parafini kapena mumakhala madzi ndi zinyalala. Galimoto imayamba kudukiza pachitunda, kenako zii. Mukakakamizika kugula, thirani pang'ono m'botolo loyera mudikire kamphindi. Madzi amakhala pansi, mzere wake umaoneka. Pothira sefani ndi kansalu koyera.

Injini ikawira imani pomwepo, koma chivindikiro cha redieta musatsegule mpaka patatha mphindi 30. Nthunzi yake imasupula nkhope, ndiye odwala akhala awiri.

Dalaivala wa minibasi:
Galimoto ikafa pa M1, ikankhireni kunja kwa tala, muike matrayango kapena nthambi kutsogolo ndi kumbuyo, masitepe osachepera 50, chifukwa mathiraki usiku saona msanga. Kenako gawanani: dalaivala atsale ndi galimoto, wodwala ndi gadiyani apitirire pa ina. Anthu amataya maola atatu onse ataunjikana pa boneti pamene wodwala akufooka kumpando wakumbuyo.

Dziwaninso zipatala za m'njira. Mukadutsa Chinkhoma ndi Bua, pali cha mishoni pa Madisi, cha boma pa Mponela, cha mishoni pa Mtengowanthenga, kenako Lumbadzi. Wodwala akasintha, kupuma kukavuta kapena akakomoka, khoterani chimene chili pafupi m'malo mothamangira ku Lilongwe. Za mishoni zimalipiritsa, choncho kandalama kakhale m'thumba. Pa rodibuloko tsitsani galasi, onetsani kalata, nenani kuti muli ndi wodwala.

Amene akupita pa minibasi pa tsiku limene anapatsidwa, akwere yoyamba ya m'bandakucha. Minibasi imadikira kudzaza ndipo imaima paliponse, pomwe makiliniki amaona anthu m'mawa. Muuzeni kondakitala kuti muli ndi wodwala akupatseni mpando wa pafupi ndi chitseko. Ngati n'kotheka pitani dzulo lake mukagone kwa abale.

Mayi a Chigwirizano:
Chikwama ndinene ine. Buku la kuchipatala, chiphaso cha unzika ndi kalata yotumizira zikhale m'pepala la pulasitiki, ndipo kalatayo muijambule pafoni, mvula siona kuti ichi n'chofunika. Mankhwala onse amene amamwa atengedwe m'mapaketi ake, osati kukafotokoza kuti "toyera tating'ono." Kenako zitenje zinayi, bulangete, ndowa, beseni, sopo, kapu, mbale, supuni, tochi ndi chaja. Gadiyani amadziphikira, ndiye ufa, kapoto, mchere, nyemba kapena usipa.

Ndalama igawidwe patatu: ina m'thumba, ina pa Airtel Money kapena Mpamba, ina itsale ndi munthu kumudzi woti atumize. Ndipo gadiyani adziwe nambala yachinsinsi ya foni ya wodwalayo. Zimachitika kuti ndalama yonse ya fodya ili mufoni ya bambo, bambowo sakutha kulankhula.

Magadiyani akhale awiri olandirana, mmodzi wamphamvu zotembenuza munthu, ndipo mmodzi yekha ndiye azilankhula ndi adokotala n'kumauza abale. Ife a mpingo tisamangofika gulu Lamlungu n'kudzaza wodi. Tigawane masiku, wina Lachiwiri, wina Lachinayi, aliyense ndi kankhuni kapena kandiwo, gadiyani apezeko mpata wosamba ndi kugona.

Chemwali a ku Mtunthama:
Abusa, ndawerenga zonse. Koma alipo mabanja amene anachita zonsezi. Ananyamuka msanga, galimoto inali bwino, mpingo unagwada usiku wonse, koma anabwerako ndi maliro. Ena wodwala anatsirizikira pamtsinje akudikira madzi. Tikamaimba kuti Mulungu ndi wokhulupirika, anthu amenewa timawauza chiyani? Ena amafika powauza kuti chikhulupiriro chawo chinachepa.

Abusa:
Chemwali, mawu akuti chikhulupiriro chinachepa asatuluke pakamwa pa aliyense wa gulu lino. Ndi katundu amene Mulungu sanaike pa anamfedwa. Paulo amene anapempherera odwala pa chisumbu cha Melita n'kuchira ndi yemweyo amene analemba pa 2 Timoteo 4:20 kuti anasiya Trofimo akudwala ku Mileto. Za Epafrodito, pa Afilipi 2:27, akuti anadwala pafupi kufa ndipo Mulungu anamuchitira chifundo. Sakuti analandira malipiro a pemphero lamphamvu. Paulo yemweyo anapempha katatu kuti munga uchoke m'thupi mwake, yankho linali lakuti chisomo chikukwanira.

Mawu amene timakonda aja, akuti chifundo chake chimaoneka chatsopano m'mawa uliwonse ndipo kukhulupirika kwake n'kwakukulu, ali pa Maliro 3:22-23. Analembedwa Yerusalemu atapasulidwa, anthu atafa, ena atatengedwa ukapolo. Wolembayo analibe nkhani yabwino yoti asimbe tsiku limenelo. Chimene Mulungu analonjeza ndi chakuti sadzatisiya, ndiponso kuti imfa siidzatilekanitsa ndi chikondi chake. Sanalonjeze kuti mtsinje uliwonse udzaphwa pa nthawi yathu. M'ngalawa ya Paulo anthu anapulumuka koma ngalawa ndi katundu zinapita, ndipo pa Machitidwe 12 Petro anatulutsidwa m'ndende pomwe Yakobo anaphedwa, mpingo wake womwewo.

Kwa banja lotero musapite ndi mayankho. Pitani ndi nkhuni ndi ufa, khalani pansi, lirani nawo. Akafunsa kuti Mulungu anali kuti, musawadzudzule, Masalimo adzaza ndi funso lomwelo. Ndipo mudzapitenso patatha mwezi, pamene anthu onse abalalika.

Namwino:
Ndimalize ndi wodwala amene watuluka, chifukwa ambiri timawataya kunyumba. Amene sakutha kudzitembenuza atembenuzidwe maola awiri aliwonse, usiku womwe. Tsiku lililonse yang'anani m'chiuno, pamatako, pazidendene ndi pamapewa. Pakafiira osabwerera, chilonda chayamba, pamenepo asagonerepo. Pogona pakhale pouma. Podya akhale tsonga, phala lolimbirako pang'ono limamezeka bwino kuposa lamadzimadzi, supuni yaing'ono, ndipo akhalebe tsonga mphindi 30 akatha kudya. Akamatsokomola pomeza kapena mawu akamamveka a madzi, siyani mukafunse kuchipatala. Pomudzutsa musakoke dzanja lofookalo, phewa limaguluka. Mafizo ayambe msanga ndipo azichitika tsiku lililonse, kupinda ndi kuwongola chala chilichonse, chigongono, bondo, chifukwa miyezi yoyambirira ndi imene thupi limabwerera kwambiri. Mchere muchepetse mumphika wa banja lonse, osati m'mbale yake yokha.

Mlangizi wa zaumoyo, Chulu:
A Mlembi, pempho langa ndi lakuti mpingo uliwonse ugule kamakina ka BP ka mabatire, ka pamkono osati ka padzanja. Tiziyeza akulu onse tikaweruka mapemphero kamodzi pamwezi. Munthu akhale pansi mphindi 5, msana utatsamira, mkono uli patebulo, osalankhula, tiyeze kawiri n'kulemba m'buku lake la kuchipatala.

Mlembi wa gulu:
Zalembedwa. Mudzi uliwonse unditumizire kumbali manambala a anthu atatu: wa njinga yamoto, wa ngolo ndi wa galimoto, amene avomera kudzutsidwa usiku. Manambalawo musaike pagulu. Za kamakina ndi thumba la ndalama za mafuta a galimoto tikambirana Loweruka 2 koloko masana, asungichuma abwere ndi buku.